Malonda a Nthano za Patebulo: Kodi Mabuku Atsopano a Dungeons & Dragons Adzapindula?

Pa 17 Sepitembala 2024, m'masitolo a mabuku ndi a masewero m'dziko la America ndi maiko ena mudafika buku lalikulu la masamba 384 lotchedwa Player's Handbook. Bukuli lidali loyamba mwa mabuku atatu a malamulo okonzedwanso a masewero otchuka a Dungeons & Dragons, amene m'chaka chomwecho adakwanitsa zaka 50 chiyambire. Lachiwiri, Dungeon Master's Guide, lidatuluka pa 12 Novembala, ndipo lachitatu, Monster Manual, lidatseka mndandandawo pa 18 Febuluwale 2025. Buku lililonse lidaikidwa pa mtengo wa pafupifupi madola 50, kotero kuti wofuna kukhala nawo onse atatu adayenera kutulutsa madola 150 m'thumba mwake.

Munthu wongomva nkhaniyi patali angathe kuiyesa ya zibwana, poganiza kuti masewero ndi masewero basi. Komatu kuseri kwa mabuku amenewa kuli alembi ndi ojambula zithunzi amene amadyera pomwepo, kuli eni masitolo ang'onoang'ono, kuli makampani ambiri osindikiza mabuku otsamira pa malamulo omwewo, ndiponso kuli eni masheya a kampani yaikulu ya Hasbro amene akuyembekezera phindu. Funso limene onsewa ali nalo ndi limodzi: kodi anthu amene adagula kale mabuku a chaka cha 2014, nawazolowera kwa zaka khumi, adzalola kugulanso ena? Aphunzitsi akulidziwa bwino funso lotere, pakuti silabasi ikasintha, mabuku amene dzulo adali chuma cha sukulu amasanduka katundu wongodzaza kabati, ndipo si makolo onse amene amathamangira kukagula atsopano.

Masewerowa ndi otani?

Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira tebulo, aliyense ali ndi pepala ndi pensulo. Palibe maenje monga a bawo, ndipo palibe wofuna kugonjetsa mnzake. Mmodzi mwa iwo, amene amatchedwa Dungeon Master, ndiye mtsogoleri, ndipo ntchito yake imafanana ndi ya agogo osimba nthano madzulo pamoto. Iye amafotokoza dziko longopeka, la mapanga a pansi pa nthaka, zinjoka zolavula moto, mafumu ankhanza ndi chuma chobisika. Kusiyana kwake n'kwakuti pa nthano za kumudzi omvera amangovomereza kuti ali limodzi ndi wosimbayo, pamene pa masewerowa womvera aliyense amalowa m'nthanomo. Wina amakhala msilikali, wina wamatsenga, wina wansembe, wina mbala yochenjera, ndipo aliyense amanena yekha chimene munthu wake achite.

Tsono kuti pasabuke mkangano wakuti zatheka kapena zakanika, amaweruza ndi madayisi, ndipo dayisi yofunika koposa ili ndi mbali 20. Mwachitsanzo, msilikali akafuna kudumpha phompho, mtsogoleri angathe kugamula kuti pakufunika nambala 15. Wosewerayo amaponya dayisi, naonjezerapo nambala ya mphamvu za munthu wake imene idalembedwa papepala paja. Zikakwana 15, wadumpha. Zikapanda kukwana, wagweramo, ndipo nthano imakhotera kwina kumene ngakhale mtsogoleri sadakuganizire. Mabuku atatu aja ndiwo amasunga malamulo a zonsezi: loyamba ndi la osewera, lachiwiri ndi la mtsogoleri, ndipo lachitatu ndi mndandanda wa zilombo zimene osewera angakumane nazo. Gulu limodzi lingathe kupitiriza nthano imodzi sabata ndi sabata kwa miyezi kapena zaka.

Katundu wosatha msanga

Wogulitsa sopo, mchere kapena mafuta a nyale sada nkhawa, podziwa kuti wogula wa lero adzabweranso mwezi wamawa katunduyo akamthera. Wogulitsa buku la malamulo a masewero alibe mwayi umenewo. Buku silisungunuka, ndipo limodzi lokha lingathe kutumikira gulu lonse kwa zaka zambiri. Nthano zakezo osewera angathe kupeka okha popanda kulipira munthu. M'mwezi wa Disembala 2022, Cynthia Williams, amene panthawiyo adali mkulu wa Wizards of the Coast, nthambi ya Hasbro imene imasindikiza masewerowa, adauza anthu oika ndalama m'kampaniyo kuti atsogoleri a masewero ndi pafupifupi mmodzi mwa osewera asanu alionse, koma ndiwo amene amagula gawo lalikulu la katundu. Ambiri mwa anayi otsalawo amasangalala usiku wonse osatulutsa ndalama yooneka.

Chifukwa cha ichi, wosindikiza ali ndi njira zitatu zopezera ndalama. Yoyamba ndiyo kutulutsa mabuku oonjezera, a nthano zokonzeratu ndi a maiko atsopano ongopeka; koma mabuku otere sayenda malonda monga amayendera mabuku atatu a maziko aja. Yachiwiri ndiyo kubwereketsa dzina la masewerowa kwa opanga mafilimu, masewero a pakompyuta, zovala ndi zidole. Yachitatu ndiyo kutulutsa kope latsopano, ndiko kunena kulembanso malamulo onse kuti aliyense ayambirenso kugula.

Njira yachitatuyi imabweretsa ndalama zambiri nthawi imodzi monga nyengo yokolola, koma ndiyonso yoopsa koposa. Mphamvu ya masewerowa ili m'kuchuluka kwa anthu odziwa malamulo amodzi. Ali ngati chinenero, chimene munthu amachiphunzira chifukwa anansi ake akuchiyankhula. Malamulo akasintha, ena nkusamukira ku atsopano, ena nkutsalira ku akale, gulu limang'ambika pawiri, ndipo mbali iliyonse imavutika kupeza anthu osewera nawo.

Zimene mbiri ikuphunzitsa

Masewerowa adawayambitsa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson, ndipo adasindikizidwa koyamba mu 1974 ndi kampani yaing'ono ya TSR m'tauni ya Lake Geneva, m'chigawo cha Wisconsin. Adali timabuku titatu m'kabokosi, pa mtengo wa madola 10. Mabokosi 1,000 oyamba adatenga pafupifupi chaka kuti athe, koma pambuyo pake mbiri yake idawanda msanga pakati pa ophunzira a m'makoleji. Pakati pa 1977 ndi 1979, TSR idatulutsa mabuku atatu a chikuto cholimba a Advanced Dungeons & Dragons, amene maina ake ndi omwewo akugwiritsidwa ntchito mpaka lero. M'zaka za m'ma 1980 makolo ena ndi atsogoleri ena a mipingo ku America adadzudzula masewerowa, nati akuphunzitsa ana za ufiti. Phokosolo, m'malo mopha malonda, lidangowatchukitsa. Komabe potulutsa kope lachiwiri mu 1989, kampaniyo idachotsa mau otchula ziwanda ndi adyerekezi kuti mitima ya makolo ikhale pansi.

Chimene chidagwetsa TSR sichidali adani akunja ayi, koma kuchulutsa katundu. Kampaniyo idapeka maiko ambiri a nthano, monga Dragonlance, Forgotten Realms, Ravenloft, Dark Sun ndi Planescape, ndipo dziko lililonse lidali ndi mabuku akeake. Wokonda Ravenloft kawirikawiri sankagula za Dark Sun, ndipo wa Dark Sun sankagula za Planescape. Motero kampani inkalipira alembi, ojambula ndi osindikiza a mitundu yambiri ya mabuku, pamene ogula adali anthu omwewo, atangogawidwa m'timagulu. Kumapeto kwa 1996, kampani ya Random House, imene inkagawa mabuku a TSR m'masitolo, idabweza mulu waukulu wa mabuku osagulidwa, ndipo TSR idatsala m'ngongole, yosatha kulipira ngakhale osindikiza ake. Paja akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Mu 1997 TSR idagulidwa ndi Wizards of the Coast, imene idali italemera ndi masewero a makhadi a Magic: The Gathering, ndipo mu 1999 Wizards nayo idagulidwa ndi Hasbro, eni ake a Monopoly, pa mtengo wa pafupifupi madola 325 miliyoni.

Kope lachitatu lidatuluka mu 2000, ndipo lidadza ndi nzeru yachilendo. Mmodzi mwa akuluakulu a Wizards, Ryan Dancey, adakonza chilolezo chotchedwa Open Game License, chimene chidapatsa munthu aliyense ufulu wosindikiza ndi kugulitsa mabuku ake otsamira pa malamulo a Dungeons & Dragons popanda kulipira kanthu. Maganizo ake adali akuti mabuku ang'onoang'ono a phindu lochepa asiyidwe m'manja mwa ena, pakuti wogula aliyense wa mabuku amenewo adzafunabe Player's Handbook, imene mwini wake ndi Wizards yokha. Nzeruyi idagwira ntchito, ndipo makampani atsopano adaphuka ngati bowa nthawi ya dzinja. Koma patangotha zaka zitatu, mu 2003, Wizards idasinthanso malamulo nitulutsa kope lotchedwa 3.5, ndipo eni masitolo ndi makampani ang'onoang'ono ambiri adatsala ndi mabuku a malamulo akale amene palibe ankawafunanso.

Phunziro lowawa koposa lidadza ndi kope lachinayi la 2008. Malamulo ake adasiyana kwambiri ndi akale, kotero kuti mabuku amene anthu adali nawo sakadathanso kugwira ntchito, ndipo osewera ambiri adadandaula kuti masewero awo okondedwa asanduka ngati a pakompyuta. Chilolezo cha kope limeneli chidalinso chokhwima. Apa mpamene kampani ya Paizo, imene mpaka 2007 inkasindikiza magazini a Dragon ndi Dungeon m'malo mwa Wizards, idaona mpata. Pogwiritsa ntchito chilolezo chakale chija, idatola malamulo a 3.5 amene eni ake adawataya, niwakonza pang'ono, niwatulutsa mu 2009 pa dzina lakuti Pathfinder. Pofika 2011, kafukufuku wa bungwe la ICv2, limene limatsata malonda a m'masitolo a masewero, adaonetsa kuti Pathfinder ikugulidwa koposa Dungeons & Dragons. Mu Januwale 2012, kope lachinayi lisanakwanitse ndi zaka zinayi zomwe, Wizards idalengeza kuti yayamba kukonza lina.

Zaka khumi za mwanaalirenji

Ulendo uno kampaniyo idayenda mosamala. Idatumiza malamulo oyeserera kwa anthu wamba, ndipo idanena kuti oposa 175,000 adatengapo mbali poyesa ndi kupereka maganizo. Kope lachisanu lidatuluka mu 2014 lili ndi malamulo osavuta kuphunzira. Chidule chake chidaperekedwa mwaulere pa intaneti, ndipo kampani idadziletsa, nkumatulutsa mabuku owerengeka okha pachaka, pokumbukira chimene chidadya TSR.

Pamwamba pa nzeru imeneyi padagwanso mwayi wochokera kunja. Mu 2015 gulu la akatswiri oyankhula m'makanema a zojambula, motsogozedwa ndi Matthew Mercer, lidayamba kuonetsa masewero awo pa intaneti m'pulogalamu ya Critical Role, ndipo anthu miyandamiyanda adaphunzira kusewera pongoonerera. Mu 2016 kanema wa Stranger Things wa pa Netflix adaonetsa ana a m'zaka za m'ma 1980 akusewera Dungeons & Dragons m'chipinda cha pansi pa nyumba. Kenaka mu 2020 mliri wa Covid-19 udatsekera anthu m'nyumba zawo, ndipo ambiri adapeza kuti angathe kusimba nthano ndi anzawo kudzera pakompyuta. Kampani idalengeza kuti m'chaka chimenecho malonda a masewerowa adakwera ndi magawo 33 pa 100 alionse, ndiponso kuti anthu oposa 50 miliyoni adasewerako chiyambire.

Mkangano wa chilolezo

Kutchuka kotere kudatsegula maso a akuluakulu a Hasbro. Mu 2022 Chris Cocks, amene adali mkulu wa Wizards, adakwezedwa kukhala mkulu wa Hasbro yonse. Chaka chomwecho kampaniyo idagula D&D Beyond, malo a pa intaneti pamene osewera amagulapo mabuku ndi kusungapo mapepala a anthu awo, pa mtengo wa madola 146.3 miliyoni. Mu Ogasiti idalengeza kuti malamulo akukonzedwanso, ndipo pa msonkhano uja wa mu Disembala, Williams adanena poyera kuti masewerowa sakubweretsa ndalama zolingana ndi kutchuka kwake.

Kumayambiriro kwa Januwale 2023, atolankhani a Gizmodo adaulula chikalata chachinsinsi cha chilolezo chatsopano. Chikalatacho chinkafuna kuthetsa mphamvu ya chilolezo cha 2000, chimene makampani ambiri adamangapo malonda awo kwa zaka zoposa 20. Chidatinso wopeza ndalama zoposa madola 750,000 pachaka azipereka kwa Wizards magawo 25 pa 100 alionse a ndalama zopitirira pamenepo, powerengera zolowa zonse osati phindu lokha. Kwa kampani yaing'ono, msonkho wotere ukadameza phindu lonse.

Osewera adakwiya kwambiri, ndipo adadziwa pomenya. Ambiri adaleka kulipira ku D&D Beyond, podziwa kuti chiwerengero cha olipira ndicho akuluakulu a kampani amachiyang'ana. Paizo idalengeza kuti ikonza chilolezo chakechake chaulere, ndipo idati m'masabata awiri okha idagulitsa mabuku a Pathfinder amene idayembekezera kuti akhala miyezi isanu ndi itatu. Wizards idafunsa maganizo a anthu pa chikalata china chofewerapo, ndipo mwa anthu oposa 15,000 amene adayankha, pafupifupi 9 mwa 10 alionse adachikana. Pa 27 Januwale kampaniyo idagonja. Idasiya chilolezo chakale monga chidalili, ndipo idaika maziko a malamulo a kope lachisanu pansi pa chilolezo cha Creative Commons, chimene sichingathe kubwezedwa. Komabe madzi akatayika saoleka. Makampani ambiri adali ataona kale kuopsa komanga nyumba pa malo a mwini, ndipo adayamba kulemba malamulo awoawo. Chaka chomwecho, mu Disembala, Hasbro idalengeza kuti ichotsa antchito 1,100, ena mwa iwo a ku Wizards.

Za m'kati mwa mabuku atsopano

Mabuku a 2024 adabadwa m'nyengo yotere. Pokumbukira tsoka la 2008, kampani idakana kuwatcha kope lachisanu ndi chimodzi. Idati ndi kope lachisanu lomwe lija, longokonzedwa bwino, ndiponso kuti mabuku a nthano amene adatuluka kuyambira 2014 adzagwirabe ntchito ndi malamulo atsopanowa. Osewera ambiri amangowatcha 5.5.

Zosintha zilipo ndithu. Mitundu 12 ya ntchito imene wosewera angasankhire munthu wake ili ndi nthambi zinayi uliwonse, zonse pamodzi 48. Asilikali adapatsidwa luso lapadera pa chida chilichonse, kuti asamaoneke operewera pamaso pa amatsenga. Mphamvu ndi nzeru zoonjezera za munthu tsopano zimachokera ku makulidwe ake ndi ntchito imene ankagwira, osati ku mtundu umene adabadwira, ndipo liu lakale la Chingerezi lonena za fuko lidachotsedwa chifukwa ambiri ankaliona ngati la tsankho. Buku la mtsogoleri lidalembedwanso kuti munthu woyamba kumene alimve msanga, ndipo la zilombo lili ndi zilombo zoposa 500.

Koma njira imeneyi ili ndi msampha wakewake. Ngati mabuku akale akugwirabe ntchito, wogula adzafunsa chifukwa chotulutsira madola 150. Ngati sakugwira bwino, ndiye kuti gulu lang'ambika monga kale. Kampani idayesa kukondweretsa mbali zonse ziwiri, ndipo mwambi umachenjeza kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Zolimbitsa mtima ndi zodetsa nkhawa

Chiyambi chidali chabwino. Kampani idalengeza kuti Player's Handbook ya 2024 idagulidwa mwamsanga koposa katundu wina aliyense m'mbiri ya masewerowa. Chaka chokumbukira zaka 50 chidathandizanso kulengeza malonda, mpaka a positi ofesi a dziko la America adatulutsa masitampa a zithunzi za masewerowa mu Ogasiti 2024. Mu Epulo 2025 Wizards idaikanso maziko a malamulo atsopano pansi pa Creative Commons, pofuna kuonetsa makampani ang'onoang'ono kuti zakale zija sizidzabwerezedwa.

Komabe mau akuti mwamsanga afunika kuwamvetsa bwino. Osewera a mu 2024 adali ochuluka kutalitali poyerekeza ndi a mu 2014, choncho sikudali kodabwitsa kuti masabata oyamba adaposa akale. Amene amathamangira buku tsiku lotuluka ndi okonda masewerowa ndi mtima wonse, ndipo iwowa amagula kamodzi kokha. Mphamvu ya buku la 2014 idali yakuti lidapitirira kupeza ogula atsopano chaka ndi chaka. Limenelo ndilo yeso limene mabuku atsopano ayenera kukhoza, ndipo yeso lotere silitha m'chaka chimodzi.

Opikisana nawo achulukanso. Paizo idakonzanso Pathfinder mu 2023 pansi pa chilolezo chake chatsopano. Kobold Press idatulutsa Tales of the Valiant mu 2024. Kampani ya MCDM idasonkhanitsa madola oposa 4 miliyoni kuchokera kwa anthu olipiriratu masewero ake a Draw Steel, amene adatuluka mu 2025. Mu Meyi 2025 a Critical Role, amene adathandiza kwambiri kutchukitsa kope lachisanu, adatulutsa masewero awoawo otchedwa Daggerheart kudzera m'kampani yawo ya Darrington Press. Choposa apo, Chris Perkins ndi Jeremy Crawford, amene adali pakati pa atsogoleri a ntchito yolemba mabuku a 2024, adachoka ku Wizards mu Epulo 2025, ndipo mu Juni adalowa ntchito ku Darrington Press komweko. Komatu pamene a Critical Role adayamba nthano yawo yaikulu yachinayi mu Okutobala 2025, adasankha kusewera ndi malamulo a 2024 a Dungeons & Dragons, osati a Daggerheart. Chimenechi chikuonetsa kulemera kwa dzina lakale: ngakhale wopikisana nalo amaona kuti khamu la anthu lili komweko.

Eni masitolo nawo ali ndi nkhawa zawo. Buku logulitsidwa pa D&D Beyond silifuna pepala, galimoto yonyamula kapena wogulitsa wapakati, motero ndalama zake zambiri zimatsalira kampani. Koma m'masitolo ang'onoang'ono ndimo muli matebulo amene alendo amaphunzirirapo kusewera. Masitolo amenewa akafooka, khomo lolowera osewera atsopano limachepa. Mu 2025 adakumananso ndi vuto lina, pamene boma la America lidakweza msonkho wa katundu wochokera ku China, kumene madayisi, tizidole ndi mabokosi ambiri a masewero amapangidwa.

Kumene ndalama zikuchokera

Chodabwitsa n'chakuti ndalama zina zazikulu za dzina limeneli sizidachokere m'mabuku. Mu Ogasiti 2023 kampani ya Larian Studios ya ku Belgium idatulutsa masewero a pakompyuta a Baldur's Gate 3, otsamira pa malamulo a kope lachisanu. Adatamandidwa monga masewero opambana a chaka chimenecho, ndipo Hasbro idati pofika kumapeto kwa 2023 idali italandirapo pafupifupi madola 90 miliyoni chifukwa chobwereketsa dzina. Koma mu Malichi 2024 Larian idanena kuti sidzapanganso ena otsatira.

Njira zina sizidayende bwino chotero. Filimu ya Honor Among Thieves ya 2023 idayamikiridwa ndi oonerera, koma idadya pafupifupi madola 150 miliyoni poipanga nibweretsa pafupifupi 208 miliyoni, ndalama zimene eni nyumba zoonetsera mafilimu amatengapo gawo lalikulu. Pulogalamu ya Sigil, imene idayenera kukhala tebulo la pakompyuta lokopa osewera anayi aja kuti nawonso azilipira, idatsegulidwa mu Febuluwale 2025. Mwezi wotsatira ambiri mwa oikonza adachotsedwa ntchito, ndipo mu Okutobala kampani idalengeza kuti yaleka kuikonza. Nkofunikanso kukumbukira kuti m'nyumba ya Wizards, mwana wobweretsa chakudya chambiri ndi Magic: The Gathering, imene mu 2022 idapitirira madola biliyoni imodzi pachaka. Makhadi amagulidwa mobwerezabwereza, pamene buku limagulidwa kamodzi.

Tsogolo lake

Poika zonsezi pa sikelo, zikuoneka kuti mabuku a 2024 sadzagwa monga lidagwera kope lachinayi. Sadataye osewera akale, dzina lake likudziwika ngakhale kwa anthu amene sadagwirepo dayisi, ndipo palibe wopikisana mmodzi amene wasonkhanitsa onse osakhutira monga idachitira Pathfinder. Koma nkovutanso kuyembekezera kuti adzabwereza kukula kwa pakati pa 2014 ndi 2020, pakuti mbali yaikulu ya kukula kumeneko idadza ndi zinthu zimene kampani sidazikonze, ndipo singathe kuziitanitsanso. Nchifukwa chake mu Sepitembala 2025 idatulutsa bokosi la oyamba kumene lotchedwa Heroes of the Borderlands, ndipo pambuyo pake lina lotsamira pa Stranger Things, pamene kanemayo ankafika kumapeto kwake. Phindu lenileni lidzachokera kwa achinyamata amene adzatsegule mabokosi otere, nadzafuna mabuku akuluakulu pambuyo pake.

Kwa wachinyamata amene watsiriza sukulu ndipo akulingalira zoyamba malonda, mbiri imeneyi ili ndi phunziro looneka. TSR idagwa chifukwa chochulutsa katundu koposa ogula ake. Kope lachinayi lidapunthwa chifukwa lidauza ogula okhulupirika kuti ataye zimene adazikonda. Mkangano wa 2023 udabuka chifukwa kampani idafuna kukolola m'minda imene idalola ena kulima. Nthawi zonse zimene malonda adayenda bwino, eni ake adali atayamba afunsa ogula ndi kuwamvera. M'malonda a mtundu uwu, gawo lalikulu la ntchito amaigwira ndi wogula mwini: mtsogoleri uja amene amakhala usiku kukonza nthano, naitana anzake, nawaphunzitsa malamulo popanda malipiro. Buku limene iye adzasankhe kuika patebulo pake Loweruka likudzali ndilo limene anzake anayi aja adzapite kukalifuna kusitolo.